Mafunso Anu: Kodi Kujambula Gemu Kumafuna Kompyuta Yamphamvu Bwanji?

Achinyamata ambiri amene amasewera magemu pa kompyuta, pa PlayStation ndi pa foni tsopano akufunanso kujambula zimene akusewerazo kuti aziika pa YouTube, TikTok kapena Facebook. Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukhudza zipangizo zofunika pa ntchito imeneyi, ndipo tawafupikitsa popanda kusintha mfundo za eni ake.

Funso: Ndili ndi laputopu ya kaunjika yokhala ndi purosesa ya Intel Core i5-8250U ndi RAM ya 8 GB. GTA V imayenda bwinoko ndikatsitsa masetingi ake, koma ndikangoyamba kujambula ndi OBS Studio, gemu imayamba kudukizadukiza ndipo vidiyo yake imatuluka yodumphadumpha. Wogulitsa zipangizo za makompyuta wina wandiuza kuti ndiwonjezere RAM ifike 32 GB. Kodi ndigule? Wophunzira, Ndirande, Blantyre.

Yankho: Musafulumire kutulutsa ndalama, chifukwa pa laputopu ngati yanuyo RAM ya 32 GB singathetse vuto limene mwafotokozali, ngakhale kuti wogulitsayo sananame kotheratu ponena kuti RAM ili ndi mbali yake. RAM ndi malo amene kompyuta imayalapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawi imeneyo, pamene hard disk kapena SSD ndi mosungiramo zinthu kwa nthawi yaitali. Zili ngati nkhokwe ndi mphasa: chimanga chonse chimakhala m'nkhokwe, koma chimene mukutong'ola lero mumachiyala pamphasa. Mphasa ikachepa ntchito imachedwa chifukwa mumangoyendera kunkhokwe, koma ikakhala yokwanira kale, kuyala ina pambali pake sikuchititsa kuti manja atong'ole msanga.

Pamene pagona nkhani ndi pa ntchito yopanikiza vidiyo kuti ichepe. Chithunzi chimodzi cha 1080p chimakhala ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, tomwe tonse pamodzi timapitirira 2 miliyoni, ndipo chikasungidwa chosapanikizidwa chimatenga malo okwana pafupifupi 6 MB. Gemu ikamaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndiye kuti pa sekondi iliyonse pakutuluka pafupifupi 370 MB, ndipo ola limodzi lokha lingadzaze disiki ya 1 TB n'kusefukira. Pa chifukwa chimenechi pulogalamu yojambulira imayenera kupanikiza chithunzi chilichonse nthawi yomweyo chisanalembedwe pa disiki, ndipo chimene chimagwira ntchito yopanikizayi chimatchedwa encoder. Amene anayamba kale kujambula magemu akukumbukira pulogalamu ya Fraps, yomwe inkapanikiza pang'ono kwambiri, moti mphindi zochepa chabe zinkadya magigabaiti angapo.

Encoder ilipo ya mitundu iwiri. Yoyamba ndi x264, yomwe ndi pulogalamu chabe ndipo imasenzetsa purosesa katundu yense. Purosesa yanuyo ili ndi ma core 4, kutanthauza zigawo zinayi zogwira ntchito, ndipo inapangidwa kuti izigwiritsa ntchito magetsi okwana 15 W okha, omwenso imagawana ndi mbali yojambula zithunzi zooneka pa sikirini, yotchedwa UHD Graphics 620, imene ili m'kati mwake momwemo. Choncho gemu ikakhala kuti yatenga kale mphamvu pafupifupi zonse, x264 ikabwera kudzapempha zake palibe chotsala, ndipo zonse ziwiri zimayamba kutsimphina. Yachiwiri ndi kachipangizo kapadera kamene kanaikidwa m'purosesa kapena m'khadi la zithunzi kuti kazigwira ntchito yopanikiza vidiyo yokhayokha. Kampani ya Intel imakatcha Quick Sync ndipo inayamba kukaika m'mapurosesa ake mu 2011, ya NVIDIA imakatcha NVENC ndipo inakayamba mu 2012, pamene makhadi a AMD mu OBS amalembedwa kuti AMF kapena AMD HW. Laputopu yanu ili ndi Quick Sync, yomwe munaigula kale pamodzi ndi laputopuyo, koma zikuoneka kuti ikungokhala osagwira ntchito.

Tsegulani OBS, lowani pa Settings, kenako pa Output, ndipo pamene pali encoder ya vidiyo sankhani imene ili ndi dzina la QSV kapena QuickSync H.264 m'malo mwa x264. Mukatero pitani pa Video n'kuika kukula kwa vidiyo pa 1280x720 ndiponso zithunzi 30 pa sekondi. Ambiri amanyoza 720p, koma vidiyo ya 720p yoyenda mosalala imaonereka bwino pa foni kusiyana ndi ya 1080p yodumphadumpha, ndipo owonera anu ambiri akhala akuonera pa foni. M'gemu momwemo ikani malire a zithunzi pa sekondi kuti isamakoke mphamvu zonse, ndipo OBS muziitsegula posankha Run as administrator, chifukwa mukatero Windows imaipatsa mpata woyambirira pa mbali yojambula zithunzi. Laputopu ikhale yolumikizidwa ku chaja nthawi yonse imene mukujambula, popeza ikakhala pa batire imadzichepetsera yokha mphamvu.

Kuti musamangoganizira, OBS ili ndi kawindo kotchedwa Stats kamene mungakapeze pa View. Jambulani kwa mphindi zingapo mukusewera, kenako yang'anani mizere iwiri. Ukakwera mzere wa Skipped frames due to encoding lag, ndiye kuti encoder ikulephera kumaliza ntchito yake pa nthawi yake. Ukakwera wa Frames missed due to rendering lag, ndiye kuti mbali yojambula zithunzi yathodwa ndi gemu, ndipo mankhwala ake ndi kutsitsa masetingi a gemuyo. Pa mavuto awiriwa palibe limene limatha chifukwa choti RAM yachoka pa 16 GB kufika pa 32 GB.

Tsopano tibwere ku RAM yeniyeniyo. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, lowani pa Performance, kenako pa Memory, gemu ndi OBS zili zotsegula. Windows ndi timapulogalamu tina timene timadziyambira tokha kawirikawiri zimatenga 3 GB kapena 4 GB musanatsegule chilichonse, opanga GTA V analimbikitsa 8 GB pamene gemuyi inkatuluka pa kompyuta mu 2015, ndipo OBS payokha nthawi zambiri sifika ndi 1 GB yomwe. Mukuona nokha kuti 8 GB ndi yothina. RAM ikadzaza, Windows imayamba kusamutsira zinthu zina pa disiki, ndipo ngati disikiyo ndi hard disk yozungulira, gemu imaima kwa kanthawi nthawi iliyonse zimenezi zikachitika. Chrome yokhala ndi masamba ambirimbiri otsegula ndi mdani wamkulu pa nthawi ngati imeneyi, ndipo muziitseka musanayambe.

Pa tsamba lomwelo la Memory pali mzere wa Slots used. Ngati walembedwa kuti 1 of 2, ndiye kuti muli ndi RAM imodzi ya 8 GB ndipo malo achiwiri ndi opanda kanthu. Apa ndi pamene ndalama zanu zingagwire ntchito yooneka. UHD Graphics 620 ilibe memori yakeyake, imabwereka ku RAM yomweyo, ndipo RAM imodzi ya DDR4-2400 imatha kudutsitsa pafupifupi 19 GB pa sekondi, pamene ziwiri zogwira ntchito limodzi zimafika pafupifupi 38 GB. Kugula ina ya 8 GB yofanana ndi yoyambayo kukupatsani 16 GB komanso njira ziwiri zodutsira, ndipo pa malaputopu opanda khadi la zithunzi lapadera kusintha kwake kumaoneka m'gemu momwemo. Ndalama zotsala mugulire SSD ngati mulibe. RAM ya 32 GB muisiyire anthu amene amakonza mavidiyo a 4K tsiku ndi tsiku.

Funso: Mwana wanga wamwamuna amakonda gemu ya mpira ya EA Sports FC ndipo akufuna kumaika masewera ake pa YouTube. Ndikufuna kumugulira kompyuta ya pa tebulo yogwiritsidwa kale ntchito. Andionetsa ziwiri, ina ili ndi khadi la GT 1030, ina ili ndi GTX 1650 koma ndi yodulirapo. Zonse zili ndi RAM ya 16 GB. Kodi kusiyana kwake n'kokwanira kuti ndiwonjezere ndalama? Kholo, Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo pa ziwirizi ya GT 1030 muisiye. Khadi limeneli lili ndi dzina la NVIDIA ngati linzakelo, koma NVENC mulibe m'kati mwake, kutanthauza kuti silingathandize konse pa ntchito yopanikiza vidiyo. Komanso ndi lofooka pa gemu yeniyeniyo, popeza opanga EA Sports FC 24 analemba kuti khadi lochepetsetsa loyenera gemu yawo ndi GTX 1050 Ti kapena RX 570, RAM yochepetsetsa ndi 8 GB, ndipo yolimbikitsidwa ndi 12 GB. Pa RAM makompyuta onse awiri ali bwino, koma pa khadi ndi ya GTX 1650 yokha imene ikukwanira.

Msampha umenewu suli pa GT 1030 pokha. Makhadi a AMD a RX 6400 ndi RX 6500 XT, ngakhale ndi atsopano poyerekeza ndi amenewa, anapangidwa opanda encoder, ndipo pa malaputopu MX150 ndi MX250 nawonso alibe NVENC. Mapurosesa a Intel amene dzina lawo limathera ndi chilembo cha F, monga i5-10400F, alibe mbali yojambula zithunzi, choncho alibenso Quick Sync. Purosesa ya F payokha si yoipa, koma ikaphatikizidwa ndi limodzi la makhadi opanda encoder aja, kompyuta yonse imatsala ndi x264 yokha. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsayo kuti aike OBS, yomwe ndi yaulere, ndipo akuonetseni dzina la NVENC pa mndandanda wa ma encoder. Wogulitsa amene akukhulupirira katundu wake savuta pa zimenezi.

Mudzamvanso za nambala ina ya magigabaiti imene imalembedwa pa khadi, ndipo musaisokoneze ndi RAM. Imeneyo ndi memori ya khadilo, yotchedwa VRAM, ndipo siwonjezereka chifukwa inamatidwa pa khadi pomwepo. GTX 1650 ili ndi 4 GB, yomwe ndi yokwanira pa gemu ya mpira pa 1080p ngati masetingi sanakwezedwe mopitirira. Mukapeza GTX 1650 Super kapena GTX 1660 Super pa mtengo woyandikana, ndi bwino kutenga amenewo, popeza ali ndi NVENC yatsopano imene imatulutsa chithunzi choyera kwambiri pa fayilo yofanana kukula, ndipo 1660 Super ili ndi 6 GB. Chokhacho, khadi la 1660 Super limadya magetsi okwana 125 W ndipo limafuna chingwe chakechake chochokera ku power supply, bokosi logawira magetsi m'kompyuta, pamene GTX 1650 zambiri zimakhutira ndi 75 W imene imachokera pamalo pozikapo. Makompyuta opyapyala ochokera m'maofesi nthawi zambiri amakhala ndi power supply yaing'ono yopanda chingwe chimenechi, ndipo khadi lalikulu silikwana m'bokosi lawo.

Funsaninso za purosesa, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel Core kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, monga i5-8500.

Funso: Ndinajambula mpikisano wa gemu ya mpira wa anzanga kwa maola awiri, koma magetsi anazima kutatsala pang'ono kuti tithe. Fayilo ilipo ndipo ndi yaikulu, koma sikutseguka. Komanso hard disk yanga ikudzaza msanga kwambiri. Ndichite chiyani? Wokonda magemu, Katoto, Mzuzu.

Yankho: N'zosakayikitsa kuti munkajambula mu MP4. Fayilo ya MP4 yachizolowezi imalemba ndondomeko yosonyeza pamene pali chithunzi chilichonse ndi mawu ake kumapeto kwenikweni, mukadina kuti kujambula kuime. Magetsi akazima nthawi imeneyo isanakwane, zithunzi zonse zimakhalamo ndithu, koma pulogalamu yoonetsera imasowa poyambira. Musaifufute msanga fayiloyo. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa untrunc kamene nthawi zina kamatha kumanganso ndondomekoyo potengera fayilo ina yabwino imene inajambulidwa ndi masetingi omwewo, ngakhale kuti sikuti kamapambana nthawi zonse.

Kuti zisadzachitikenso, sinthani Recording Format mu OBS ikhale MKV. Fayilo ya MKV imalembedwa m'zigawozigawo, moti magetsi akazima mumataya masekondi omalizira okha. Mukamaliza kujambula, lowani pa File n'kusankha Remux Recordings, ndipo OBS isandutsa MKV ija kukhala MP4 mwachangu popanda kuwononga chithunzi. OBS yatsopano ilinso ndi mtundu wotchedwa Hybrid MP4 umene unapangidwira vuto lomweli. Kwa ife amene magetsi amatithawa mosatsanzika, setingi imeneyi ndi yoyamba kusintha, isanakhudzidwe ina iliyonse. Ngati mumagwiritsa ntchito kompyuta ya pa tebulo, UPS, chipangizo chokhala ndi batire yosungira magetsi, ingakupatseni mphindi zingapo zoti muimitse kujambula ndi kuzimitsa bwinobwino.

Kukula kwa fayilo kumadalira bitrate, kuchuluka kwa deta imene vidiyo imatenga pa sekondi iliyonse, yomwe imayezedwa mu Mbps, ndipo masamu ake ndi osavuta: chulukitsani bitrate ndi 450, ndipo yankho lake ndi mamegabaiti a ola limodzi. YouTube imalimbikitsa 5 Mbps pa 720p ya zithunzi 30 pa sekondi, 8 Mbps pa 1080p ya zithunzi 30, ndi 12 Mbps pa 1080p ya zithunzi 60. Choncho ola limodzi pa 12 Mbps ndi 5.4 GB, ndipo pa 20 Mbps ndi 9 GB. Ndi bwino kujambula pa bitrate yokwererapo, makamaka pa magemu othamanga ndi okhala ndi udzu wambiri monga a mpira, kenako mukadula zosafunika n'kuchepetsa fayiloyo ndi pulogalamu ya HandBrake musanaikweze pa intaneti, chifukwa magigabaiti onsewo amachoka pa bandulo yanu.

Liwiro la disiki si vuto lalikulu monga ambiri amaganizira, popeza 20 Mbps ndi 2.5 MB yokha pa sekondi, ndipo ngakhale hard disk yakale imapitirira pamenepo kutalitali. Chimene chimathandiza ndi kuika gemu pa SSD ndipo mavidiyo azilembedwa pa disiki ina. Ngati mukusamutsira mafayilo pa fulashi, dziwani kuti fulashi ya FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo muyenera kuifomata kukhala exFAT kapena NTFS, mutayamba mwachotsamo zonse zofunika. Ngati mumangofuna zigoli ndi malo osangalatsa okha, yatsani Replay Buffer, yomwe imasunga mphindi zomalizira mu RAM n'kuzilemba pa disiki pokhapokha mukadina batani. Mphindi 2 pa 20 Mbps zimatenga 300 MB yokha ya RAM.

Funso: Ndili ndi malo osewerera magemu okhala ndi ma PlayStation 4, ndipo ndikufuna kumajambula mipikisano yathu. Kodi ndikufunika kompyuta yamphamvu? Mwini malo, Chipata, Zambia.

Yankho: Bambo, mwina simukufunika kompyuta n'komwe. PS4 imajambula yokha mukadina kawiri batani la Share, mpaka mphindi 60, ndipo vidiyoyo mungaikopere pa fulashi ya exFAT kudzera mu Capture Gallery. PS4 wamba imajambula pa 720p ndi zithunzi 30 pa sekondi, pamene PS4 Pro imafika 1080p. Ngati mukufuna kuwonjezera kamera yoonetsa osewera, mayina awo ndi mawu a wolengeza, pamenepo mukufunika kompyuta ndi capture card, kachipangizo kotengera chithunzi cha PlayStation kupita ku kompyuta, koma popeza gemu ikuseweredwa pa PlayStation, kompyutayo ntchito yake ndi kulandira chithunzi ndi kupanikiza basi. Laputopu yokhala ndi Quick Sync ndi RAM ya 8 GB imakwanitsa. Sankhani capture card ya USB 3.0 yokhala ndi potulukira pa HDMI popita ku TV, kuti osewera asamaone chithunzi chochedwa. Timacapture card totsika mtengo tooneka ngati fulashi nthawi zambiri ndi ta USB 2.0, ndipo ngakhale pa paketi palembedwe 4K, chimene chimafika pa kompyuta kawirikawiri ndi 1080p ya zithunzi 30. Musaiwale kuzimitsa Enable HDCP, setingi yoletsa kukopera chithunzi, pa Settings kenako System ya PS4, apo ayi mudzangoona mdima pa OBS.

Funso: Foni yanga inalembedwa kuti ili ndi RAM ya 4 GB kuphatikiza 4 GB ina, koma ndikamajambula Free Fire imatentha ndipo pakapita kanthawi imayamba kuchedwa. Chifukwa chiyani 8 GB sikukwanira? Mtsikana, Nchalo, Chikwawa.

Yankho: RAM yeniyeni ya foni yanu ndi 4 GB yoyambayo. Yachiwiriyo, yomwe makampani amaitcha mayina monga Memory Fusion kapena RAM Plus, ndi malo obwereka ku memori yosungiramo zithunzi ndi mapulogalamu, ndipo ndi ochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Amathandiza kuti mapulogalamu a kumbuyo asatsekeke msanga, koma gemu sakuiwonjezera liwiro. Kuchedwa kumene kumayamba pakapita kanthawi kumasonyeza kutentha, chifukwa foni ikatentha imachepetsa dala liwiro la purosesa kuti isawonongeke, ndipo ndi dzuwa la ku Chigwa cha Shire malire amenewo imawafika msanga. Chotsani kava, musajambule foni ili pa chaja, chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo jambulani pa 720p pogwiritsa ntchito chojambulira chimene chinabwera ndi foniyo, chomwe chilipo kuyambira pa Android 11, m'malo mwa mapulogalamu odzaza ndi zotsatsa malonda.

Funso: Ndikufuna kutumizira mng'ono wanga kumudzi RAM yowonjezera mu laputopu yake yojambulira magemu. Ndigule iliyonse ya 8 GB? Mmalawi wokhala ku Johannesburg.

Yankho: Ayi, achimwene, iliyonse siikwana. RAM ya laputopu ndi yaifupi, yotchedwa SO-DIMM, ndipo ya kompyuta ya pa tebulo singalowemo. Komanso DDR3, DDR4 ndi DDR5 zili ndi kamphako pa malo osiyana, moti ya mtundu wina singazikike pa malo a inzake, ndipo malaputopu ambiri a nthawi ya DDR3 amafuna mtundu wa DDR3L wa 1.35 V. Muuzeni mng'ono wanuyo aike pulogalamu yaulere ya CPU-Z, ajambule ndi foni masamba a Memory ndi SPD, ajambulenso dzina lonse la laputopu limene lili kunsi kwake, ndipo zithunzizo mupite nazo kusitolo. Aonenso Slots used mu Task Manager, popeza malaputopu ena opyapyala RAM yawo inamatidwa pa bolodi ndipo alibe malo owonjezerapo. Mukagula yothamanga kuposa imene ilimo kale palibe chowonongeka, koma zonse ziwiri zidzayenda pa liwiro la yochedwayo, choncho musalipire zambiri chifukwa cha liwiro. Potumiza muisiye m'paketi yake yapulasitiki yolimba, ndipo amene akaizike ayambe wazimitsa laputopu, kuchotsa chaja ndi kumasula batire asanakhudze bolodi.